Ulusi walowanso pa singano, zikomo abale anga

Lachiwiri lapitali, cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndinanyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu n'kuulowetsa pa kabowo ka singano ya makina kamodzi n'kamodzi. Mtsikana amene ndimamuphunzitsa ntchito anali potero akusita, ndipo anadabwa kundiona misozi ili mbwembwembwe. Kwa telala amene wasoka zaka 17, kulowetsa ulusi si nkhani yoti n'kulemba pa Facebook. Koma ine panali patadutsa miyezi 7 ndisanathe kuchita zimenezi popanda kutsinzina diso limodzi.

Ambiri mukudziwa kuti mu Malichi ndinagwa pa kabaza wa njinga yamoto ndikuchokera ku Limbe kogula zipi ndi ulusi. Kunali kutagwa mvula, galu anadumpha msewu, ndipo ndinangozindikira ndamenyetsa mutu pa phula. Chipewa choteteza mutu chinalipo, ndisanamizire munthu, ndinakana ndekha kuvala poti ndinali nditangoluka tsitsi. Sindinakomoke, magazi sanatuluke, kachotupa chabe kuseri kwa khutu. Kuchipatala anandijambula m'mutu n'kunena kuti chigaza chili bwino, magazi sanatayikire mkati, koma ubongo wagwedezeka, iwo amati concussion. Anawauza bambo a kunyumba kuti ndikayamba kusanza mobwerezabwereza, kapena mutu ukamapwetekerapwetekera, kapena ndikamavuta kudzuka, athamange nane ngakhale pakati pa usiku. Zonsezo sizinachitike. Tinathokoza Mulungu n'kumati zatha.

Patatha sabata ndinabwerera pa makina, ndipo ndinapeza singano ziwiri. Manambala a pa tepi ankasambira. Ndikangosoka mphindi 10, mutu unkayamba kuwawa kuseri kwa maso ngati wina akukhoma msomali. Chitenje cha maluwa ambiri ndikachiyang'anitsitsa, nseru. Mumsika wa Limbe, pamene anthu akupita uku ena uko, chizungulire chinkandigwira mpaka kutsamira benchi ya munthu. Dzuwa likawala pa malata, maso ankachita ngati ndawathira tsabola. Tsiku lina ndinadula mokhota nsalu ya kasitomala, mamita 6 athunthu a pa chinkhoswe cha mwana wawo, ndipo tsiku limenelo ndinatseka shopu n'kukadzitsekera kuchipinda, makatani otseka, magalasi akuda kumaso.

Chimene chinkandipweteka kuposa mutuwo n'chakuti matenda anga sankaoneka. Maso anali oyera mbee. Zilembo za pakhoma zija amayezera maso ndinkawerenga mpaka mzere wam'munsi. Ndiye aliyense anali ndi yankho lake. Ena amati ndi BP, ena amati ndi maganizo, ena kundinong'oneza kuti pali dzanja la munthu poti shopu inkayenda bwino. Ena sankanena kanthu, koma nkhope zawo zinkati mayi awa ayamba ulesi. Pofika mu Meyi nanenso ndinali nditayamba kudzikayikira.

N'chifukwa chake kuthokoza kwanga koyamba kukupita kwa adokotala a maso amene ndinakumana nawo mu Juni, mtsikana wamng'ono ndithu woti angakhale mwana wanga woyamba, amene anaphunzira ntchito yoyeza maso ku Mzuzu University. Dzina sinditchula, sindinawapemphe chilolezo. Atamva kuti ndine telala anasiya za pakhoma zija. Anatenga cholembera, n'kumachibweretsa pang'onopang'ono cha ku mphuno kwanga, amvekere, "Mayi, mukaona ziwiri munene." Ndinanena chikadali kutali. Anayeza ndi rula, masentimita 25. Ine wa tepi ndinamva msanga, mainchesi 10 amenewo. Anati munthu wa maso ogwirizana amafika nacho pafupi kuposa masentimita 10 chisanagawikane.

Kenako anandifotokozera bwinobwino, mosathamanga. Diso lililonse lili ndi minofu 6 yolitembenuza. Ukamayang'ana chinthu chapafupi, maso onse awiri amayenera kutembenukira mkati, cha ku mphuno, nthawi imodzi, ndipo kagalasi ka mkati mwa diso kamasintha kuti chinthucho chioneke bwino. Wolamula zonsezi ndi ubongo. Ubongo ukagwedezeka, maso atha kukhala abwinobwino lililonse palokha, koma osamvana, ngati ng'ombe ziwiri pa ngolo imodzi iliyonse ikukokera kwake. Zilembo za pakhoma zimakhala pa mtunda wa mamita 6 ndipo umawerenga ndi diso limodzi linalo ataliphimba, ndiye vuto ngati langali silingaonekere pamenepo. Makina ojambula m'mutu nawo amaona magazi ndi fupa, osati zimenezi. M'kabuku kanga ka kuchipatala analemba kuti convergence insufficiency. Ndinawauza bambo a kunyumba kuti andiwerengere katatu, osati poti ndinkamva tanthauzo lake ayi, koma poti matenda anga anali atapeza dzina.

Mankhwala ake ndinaseka nditawamva. Magalasi owerengera a mphamvu yochepa, ndi chingwe chotungidwa mikanda itatu. Azungu amachitcha Brock string, koma changa ndinapanga ndekha ndi chingwe choyera ndi mikanda yotsala pa diresi ya mkwatibwi, wofiira, wachikasu ndi wobiriwira. Mbali imodzi umamangirira pa chitsulo cha pa windo, inayo umagwirizira pa nsonga ya mphuno. Ukayang'ana mkanda umodzi, umayenera kuona mkandawo uli umodzi, koma zingwe ziwiri zikupingasana pa mkandapo ngati chilembo cha X. Masiku oyamba ine ndinkaona chingwe chimodzi chokha. Adokotala anati ndiye kuti ubongo watopa n'kulisiya diso linalo, ndiphethire, ndigwedeze chingwe, mpaka chachiwiricho chitulukire. Tsiku limene X anaoneka ndinakuwa mpaka aneba anabwera.

Ndinkachita mphindi 15 patsiku, zogawagawa, ndipo mkanda wofiira unkasendera kufupi ndi mphuno pang'onopang'ono. Mutu ukayamba kukula ndinkasiya, kupuma, n'kudzayambiranso. Pa ntchito iliyonse yapafupi, mphindi 20 zikakwana ndinkakweza maso n'kuyang'ana phiri la Mpingwe kwa kanthawi. Magalasi akuda aja anandiletsa kuvala m'nyumba, ati maso akazolowera mdima kuwala kumawapweteka kwambiri, bola chipewa cha mlomo ndikamatuluka panja. Apa ndinakangana nawo mumtima, koma anali kunena zoona. Ndipo chonde, amene mwandifunsa kale ku inbox, musangokamanga chingwe poti mwamva kwa ine. Pa mzere kuchipatala ndinacheza ndi bambo wina amene naye anagwa pa njinga, iye amaona zinthu ziwiri china pamwamba china pansi, mpaka amayenda atapendeketsa mutu. Ameneyo anamupatsa magalasi ena ake okhotetsa kuwala, osati mikanda. Kayezetseni kaye, ndipo mukanene kuti munamenyetsa mutu.

Bambo a kunyumba, zikomo. Munthu woti sadziwa kumene timasunga mchere anaphunzira kupakula nsima, ndipo madzulo aliwonse ankandiwerengera mphindi pa foni n'kulemba masentimita m'kope la mwana. Tsiku limodzi lokha silinapezeke loti munene kuti ndikudzichititsa. Chitsirizira wathu wa Sitandade 3 ndiye anali mwini mikanda, woisendeza ndi iye, ndipo ankandikalipira ndikabera potsinzina. Apongozi anga anasiya nandolo m'munda ku Chiradzulu n'kudzakhala nafe mwezi wathunthu. Amayi a Mvano munabwera ndi ufa, sopo ndi nyimbo, ndipo nditakuuzani kuti phokoso likundipweteka munayimba chapansipansi osakhumudwa. Anzanga a banki nkhonde munandidikira osandilipiritsa chindapusa. A landilodi a pa shopu, miyezi iwiri ija sindinaiwale, ndikubweretsa.

Mtsikana wanga wa pa shopu, iwe ndiye ndikusowa poyambira. Mayunifomu onse a Seputembala unasoka wekha, kolala amene ankakuvuta uja unamugonjetsa popanda ine, ndipo ndalama unkabweretsa zokwana mpaka ya makobidi. Mayi a nsalu ya chinkhoswe, munakana kuti ndikubwezereni yonse, munangoti tigawane pakati. Ndi mnyamata wa kabaza uja. Ambiri akadathawa, iye anandinyamula, anadikira kuchipatala mpaka usiku bondo lake likuchucha magazi, ndipo sabata yotsatira anabwera ndi shuga ndi buledi. Ndinamva kuti ena ankamunyoza chifukwa cha ine. Musiyeni mwana wa eni, wolakwa anali galu ndi tsitsi langa.

Sindinachiriretu. Sabata yatha cholembera chinafika masentimita 8 chisanagawikane, ndipo adokotala anawomba m'manja, koma magetsi a galimoto usiku amandivutabe, ndipo ulusi wakuda pa nsalu yakuda sindiyerekeza dzuwa likapendeka. Chingwe chija chikadali pa windo, ati ndizichitabe kangapo pa sabata.

Shopu ndatsegula, kuyambira 8 koloko mpaka 1 koloko masana basi. Za Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala nditenga madiresi ochepa, oyamba kufika ndi omwewo. Amene munasiya nsalu zanu mu Malichi, zonse zili m'katoni, iliyonse ndi dzina la mwini wake pa kapepala. Bwerani ndidzakuyezeninso, pena mwina munanenepa.