Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Zaka za pa makina a fotokope

Gawo lapita lija linathera pamene ndinayamba ntchito m'kashopu ka fotokope ndi kupulinta kuno ku Lilongwe. Lero za ine zikhala zochepa. Ndifotokoza ntchitoyo, chifukwa makasitomala athu ambiri anali ophunzira a m'makoleji, ndipo munthu amene amakhala kuseri kwa makina amaona zinthu pa mapepala a sukulu zimene mwini wake woziwerenga saziona.

Ankabwera a mitundu yonse. A zaulimi ochokera ku Bunda, imene inachoka mu University of Malawi n'kukhala LUANAR mu 2012, ankatsika minibasi ya ku Mitundu ndi mahandauti a za nthaka ndi za ziweto. Ophunzira unamwino a ku Kamuzu College of Nursing, yomwe kuyambira 2021 ili mbali ya KUHeS, ankabwera ndi zithunzi za thupi la munthu. Panalinso okonzekera mayeso a zowerengera ndalama a ICAM, a ku Lilongwe Technical College ndi mapulani awo a nyumba, komanso aphunzitsi ophunzira ali kutali, amene amafika m'tauni kutha kwa mwezi kudzapulintitsa mamodulu.

Pepala lofunika kuposa onse ndi limene ambiri sankalilabadira n'komwe: course outline, lija lekichala amagawa sabata yoyamba ya semesita. Limakhala la masamba awiri kapena atatu basi, koma m'menemo ndi mmene muli nambala ya kosi, mitu yonse motsatana, mabuku oyenera kuwerenga, ndi kagawidwe ka malikisi pakati pa ntchito za mkati mwa semesita ndi mayeso omaliza. Liikeni patsogolo pa fayilo. Handauti iliyonse imene mwalandira, ipezereni mutu wake pa pepalali n'kuchonga. Imene ilibe malo, mwina ndi ya chaka china kapena ya kosi ina yofanana dzina, musataye nayo ndalama. Mutu umene wafika mwezi wa mayeso usanachongedwe, dziwani kuti pamenepo pali dzenje.

Tsono vuto lalikulu, limene ndikhalepo nthawi, ndi fotokope ya fotokope. Lekichala amapereka kope imodzi yoyera kwa class rep. Iye amajambulitsa, mnzake amabwereka n'kujambulitsa pa yojambulidwayo, a chaka chotsatira amatengera pa ya mnzake uja. Ulendo uliwonse makina amadya mizere yopyapyala n'kuwonjezera timadontho takuda ta fumbi la pagalasi. Pa nkhani ya mbiri kapena ya chitukuko cha kumudzi palibe choopsa, chiganizo chimamveka ngakhale chilembo chimodzi chitafufutika. Pa manambala ndiye pali ngozi. Kadontho ka pa 0.5 mg kakasowa, wophunzira unamwino amaloweza mlingo wolakwika, ndipo kachitsotso kakagwera pakati pa 1 ndi 5, nambala 15 imasanduka 1.5. Pa masamu kamzere ka minus ndi kamene kamayamba kutha. Pa chemistry timanambala tating'ono ta m'munsi mwa zilembo timasanduka madontho osawerengeka. Pa matebulo a statistics, amene manambala ake ndi ang'onoang'ono kale, 3 amafanana ndi 8, ndipo 5 amafanana ndi 6. Njira yoyesera tebulo ndi kuyang'ana nambala imene mukuidziwa bwino. Pa tebulo la t, pamzere wa 10, pansi pa 0.05 wa mbali zonse ziwiri, payenera kuoneka 2.228. Ngati simungathe kuiwerenga mosakayika, tebulo lonselo n'losadalirika, kafunefuneni buku lenileni mujambulitse tsamba limenelo lokha kuchokera pamenepo. Kalasi yanzeru imasunga kope yoyamba ija mu envulopu, osalembapo kanthu, ndipo aliyense wofuna amajambulitsa kuchokera pa imeneyo.

Mitundu nayo imasocheretsa. Pa chithunzi cha mtima, mitsempha yofiira ndi yabuluu ikadutsa pa makina a zakuda ndi zoyera imatuluka yotuwa mofanana. N'chimodzimodzi magirafu a mizere itatu ya mitundu yosiyana, ndi mapu a nthaka. Palibe chifukwa chopulintitsa handauti yonse mu kala, n'kuwononga ndalama. Sankhani masamba anayi kapena asanu amene tanthauzo lake lili mu mtundu, amenewo okha apite ku kala, kapena tengani mapensulo a mitundu mupake nokha mukuyang'ana choyambirira. Kupaka nokhako kumathandizanso kuloweza. Tchati cha Munsell chija a zanthaka amayerekezera nacho mtundu wa dothi, musachijambulitse n'komwe, ngakhale mu kala, chifukwa makina sabweza mtundu ndendende. Za highlighter: yachikasu nthawi zambiri sioneka pa fotokope, koma yobiriwira, yabuluu ndi yapinki imatuluka ngati mthunzi wophimba mawu omwe mumafuna kuwaonetsa aja. Manotsi olembedwa ndi pensulo amafuna kuti wojambulayo akweze kuda kwa makina, apo ayi mulandira pepala loyera.

A zomangamanga ndi a mapu vuto lawo ndi sikelo. Pepala la A3 ndi lalikulu kawiri kuposa la A4, ndipo kuti pulani ya pa A3 ikwane pa A4 makina amaichepetsa kufika pa 71%. Mawu akuti 1:100 amakhalabe pakona, koma chojambulacho tsopano chili pafupifupi pa 1:141. Mukaikapo rula, khoma la mamita 10 likupatsani 7.1. Ngakhale populinta PDF pa pepala la msinkhu wake womwewo, kompyuta imakonda kusankha yokha Fit to page, n'kuchepetsa pang'ono. Uzani wopulintayo asankhe Actual size, ndipo musanachoke pashopu yezani mzere umodzi umene utali wake walembedwa.

Pali handauti ina yoyera bwino, yowerengeka, koma yokalamba. Imeneyi ndi yoopsa kwambiri chifukwa palibe chokuchenjezani. Mankhwala oyamba a malungo m'Malawi anasintha kuchoka pa chloroquine kupita pa SP mu 1993, n'kusinthanso kupita pa LA mu 2007, koma manotsi otchula SP ngati mankhwala oyamba ankazungulirabe m'mafayilo a anthu patapita zaka. Kwa a zowerengera ndalama n'zoposa apo, chifukwa magawo a PAYE ndi malamulo ena a msonkho amatha kusintha ndi bajeti iliyonse, ndipo chaka cha boma chenichenicho, chimene chinkayamba pa 1 July, kuyambira 2022 chimayamba pa 1 April. Malamulo, misonkho, ndondomeko za chithandizo cha kuchipatala ndi ziwerengero za anthu zimakalamba msanga. Algebra, anatomy ndi malamulo a Mendel a za chibadwa sizikalamba, handauti ya zaka khumi ikhoza kukuthandizani bwinobwino. Choncho lembani chaka pakona ya tsamba loyamba la pepala lililonse limene mwalandira. Ngati simukudziwa chaka chake, funsani amene wakupatsaniyo kuti iye analitenga kwa yani.

Tibwere ku thumba. Limu imodzi ya A4 imakhala ndi mapepala 500, katoni imakhala ndi malimu asanu, ndipo pepala labwino la fotokope ndi la 80 gsm. Mapepala ndi tona, ufa uja makina amalembera papepala, zimachokera kunja, n'chifukwa chake kwacha itagwa ndi 25% mu May 2022, n'kugwanso ndi 44% mu November 2023, mtengo wa tsamba unakwera m'mashopu. Kalasi ya anthu 60 ikamajambulitsa handauti ya masamba 120 mbali imodzi, pamapita mapepala 7,200, amene ndi malimu 14 ndi mapepala 200 pamwamba. Mbali zonse ziwiri pamapita 3,600. Kalasi ikasonkha kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kubwera ndi ntchito yonse pamodzi, pamakhala poyambira kunenerera mtengo, zimene munthu mmodzi wa masamba khumi sangachite. Masilaidi a PowerPoint musapulintitse imodzi pa tsamba. Asanu ndi imodzi pa tsamba amawerengeka, moti masilaidi 90 amakwana pa masamba 15, kutanthauza mapepala 8 mukagwiritsa mbali zonse. Okhala ndi matebulo okha ndi amene amafuna awiri pa tsamba. Ngati kumbuyo kwa silaidi kuli kwakuda kapena kwabuluu, pasankhidwe Pure Black and White, apo ayi tona amathera pa mdima ndipo mawu amamira.

Makinawo ali ndi matenda ake odziwika. Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, pepala limayamwa chinyontho, limapindika ndi kumata, ndipo makina amakoka awiri nthawi imodzi kapena kutsamwa. Limu isatsegulidwe mpaka nthawi yoigwiritsa ntchito, isagone pansi pa simenti, ndipo musanaiike mu thireyi muipepese m'mbali kuti mpweya ulowe. Pepala likatsamwa, likokeni pang'onopang'ono motsata kumene limapita, ndi manja awiri. Kachidutswa kotsalira mkati kadzatsamwitsa ena onse. Samalani ndi fuser, mbali imene imawotcha tona kuti amamatire papepala, chifukwa imapsereza chala. Mukaona mawu akufufutika mukawakhudza, ndiye kuti fuser sikutentha mokwanira, zimene zimachitika ikatha kapena makina akamayendera kajenereta kochepa mphamvu magetsi atazima. Banga lobwerezabwereza pa mtunda wofanana kutsika ndi tsamba ndi chilonda cha pa dramu, mbali yozungulira ya mkati imene imasamutsira tona papepala. Mzere wakuda wotsika tsamba lonse, umene umaoneka pokhapokha mapepala akadutsa pa chokokera cha pamwamba, si wa dramu ayi, ndi kadontho ka utoto woyera wofufutira kamene kauma pa kagalasi kakang'ono ka m'mbali. Kupukuta ndi kansalu kumathetsa. Ndipo chotsani masitepulo onse musanapereke mapepala anu, chifukwa sitepulo imodzi ikhoza kung'amba kope yanu yoyamba ndi kukanda galasi.

Ofika ndi mafayilo zawo n'zachidule. Chilichonse chopita kokapulinta chisungidwe ngati PDF, chifukwa fayilo ya Word ikatsegulidwa pa kompyuta ina, matebulo amadumpha ndipo manambala a masamba samagwirizananso ndi a pa tsamba la zamkatimu. Flashi yoyenda m'mashopu imatola kachilombo kaja kobisa mafoda n'kusiya ma shortcut. Mafayilo amakhala alimo, musafulumire kuchita format. Potumiza tsamba pa WhatsApp, litumizeni ngati document, chifukwa likapita ngati chithunzi limafinyidwa ndipo timanambala timaphwanyika. Mayina ngati notes final 2 ndi osathandiza. Lembani nambala ya kosi, mutu ndi chaka. Zimene zaikidwa pa gulu la kalasi zikopereni pa kompyuta kapena pa imelo tsiku lomwelo, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno, foni ikabedwa mu depoti semesita yonse yapita nayo.

Pobayinda ndi spiral ya pulasitiki, werengani mapepala, osati masamba. Ya 10 mm imanyamula mapepala pafupifupi 60, ya 16 mm pafupifupi 130, ya 25 mm pafupifupi 200. Yothina imang'amba mabowo mukamatembenuza, yaikulu kwambiri imasiya mapepala akugwedera. Choboolera chimadya mbali ya kumanzere, ndiye pasiyidwe mpata wosachepera masentimita awiri ndi theka, ndipo pa zopulintidwa mbali zonse mpatawo usinthane mbali, apo ayi kuseri kwa pepala lililonse chilembo chomaliza cha mzere chimabooledwa. Za dissertation tsatirani malangizo a dipatimenti yanu mpaka pa sentimita, ndipo musabayinditse chikuto cholimba supervisor asanavomereze, chifukwa chimenecho sichimasulidwa.

Ma past paper ndi amene ankatidyetsa sabata ziwiri zomaliza za semesita. Ndi othandiza, koma ambiri amawagwiritsa ntchito mozondoka. Amasonkhanitsa a zaka zisanu ndi mayankho ake n'kuloweza. Mayankho amene amazungulirawo kawirikawiri analemba ndi wophunzira mnzanu wa chaka chapita, ndipo palibe anawachonga. Komanso kosi ikasintha lekichala, kafunsidwe kamasintha. Ntchito yeniyeni ya pepala lakale ndi kukuonetsani maonekedwe a mayeso: mafunso angati, okakamiza ndi ati, malikisi agawidwa bwanji. Pepala la maola atatu la malikisi 100 limapereka mphindi imodzi ndi masekondi 48 pa malikisi amodzi, ndiye funso la malikisi 20 lisapitirire mphindi 36, ndipo pamenepo simunachotse nthawi yowerenga mafunso. Khalani pansi ndi wotchi, lembani, kenako dzichongeni ndi buku, osati ndi mayankho a pa WhatsApp.

Kujambula buku lathunthu, chikuto mpaka chikuto, ndi kumene kunkabweretsa mkangano pa kauntala. Kuli lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limapereka ziphaso za kujambula ntchito za olemba. Kupatula za lamulozo, buku la masamba 700 lojambulidwa limalemera, limathothoka, ndipo mitu imene kosi ikufuna mwina ndi isanu yokha. Funsani kaye ku laibulale ya koleji yanu, chifukwa ambiri sadziwa kuti kudzera mu Research4Life akhoza kupeza magazini a kafukufuku, a zaumoyo pa Hinari ndi a zaulimi pa AGORA. Mabuku a chaka choyamba a biology, chemistry, physics, economics ndi statistics aliponso aulere pa OpenStax, ololedwa kukopera ndi kupulinta. Amene ali kunja kwa kampasi, National Library ya ku City Centre ili ndi malo owerengera.

Gawo likudzali tidzalowa m'chipinda cha kumbuyo kwa shopu, kumene tinkatayipa ma dissertation a ophunzira a chaka chomaliza.