Pamene mpata uli umodzi wokha

Lachitatu lapitali tinakhala anthu asanu ndi awiri m'kachipinda ka misonkhano kwa maola atatu, tiyi mpaka kuzizira m'makapu, tikufunsana funso limodzi: kodi mayi amene wagona patebulo lathu tingamuvulaze bwanji? Agogo anga akanamva akanati tikuitana tsoka, chifukwa kwathu zoipa sazitchulatchula. Koma pa ntchito yanga ya unamwino m'chipinda cha opaleshoni kuno ku England, msonkhano umene ndimaulemekeza kuposa yonse ndi umenewu.

Ndifotokoze kaye chimene timachita. Mayi akapezeka ndi khansa ya m'mawere idakali yaing'ono, dokotala amachotsa chotupacho, ndipo nthawi zambiri bala likapola mayiyo amayamba kuyendera radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi mphamvu ya X-ray, masiku 5 kapena 15. Njira ina, yotchedwa IORT, ndi yopereka chithandizocho pomwepo, bala lisanasokedwe, mayi adakali m'tulo. Makina amene ndimawadziwa ndi Intrabeam. Kunsonga kwake timavekako kampira, ndipo timipira timeneti tilipo tosiyanasiyana, kuyambira masentimita 1.5 mpaka 5. Kampirako kamalowa m'malo amene munali chotupa, n'kutulutsa mphamvu ya X-ray yokwana 20 Gy (Gy ndi muyeso wa mphamvuyi) pa mnofu wokhudzana nako, kwa mphindi 20 mpaka 50. Njirayi inayesedwa pa kafukufuku wa TARGIT-A, amene anayamba mu 2000 motsogozedwa ndi Jayant Vaidya ndi anzake ku London.

Ubwino wake ndi woonekeratu: ulendo umodzi basi. Ndikaganiza za amayi amene amakhala kutali ndi chipatala, mtima umandiuza kuti njirayi ndi mphatso. Koma mantha anga agonanso pomwepo. Wodwala woyendera masiku 15, akalakwitsiridwa pang'ono tsiku lachiwiri, akatswiri amatha kuwerengetsanso n'kukonza m'masiku otsalawo. Kwa ife kulibe tsiku lachiwiri. Madzi akatayika saoleka.

N'chifukwa chake timakhala pansi ndi njira yotchedwa FMEA, imene inayambira kwa asilikali ndi mainjiniya a ku America isanafike m'zipatala. Timalemba sitepe iliyonse, kuyambira m'mawa pamene katswiri wa fizikisi amayeza makina mpaka bala litasokedwa. Pa sitepe iliyonse timatchula chimene chingasokonekere, n'kuchipatsa manambala atatu, iliyonse pakati pa 1 ndi 10: chingapweteke motani, chingachitike kangati, ndiponso n'chovuta bwanji kuchiona chisanafike kwa wodwala. Tikachulukitsa manambalawo timadziwa choyambira.

Nambala yachitatuyi ndi imene inasintha kaganizidwe kanga. Poyamba ndinkaopa zinthu zaphokoso, monga kuzima kwa magetsi kapena kuima kwa makina pakatikati. Zimenezotu aliyense amaziona, ndipo makinawo amasunga kuchuluka kwa mphamvu imene atulutsa kale. Zoopsa zenizeni zimabwera mwakachetechete. Ku Milan, m'dziko la Italy, kumene pa IORT amagwiritsa ntchito makina a mtundu wina, a ma electron, ndipo amaika kambale kachitsulo pansi pa mnofu wa bere kuti kateteze mapapo ndi mtima, akatswiri atachita FMEA anapeza kuti choopsa kwambiri ndi kusendemuka kwa kambaleko. Kali m'kati, kobisika, palibe belu limene lingalire. Ku America nako, mu 2011, anachotsa pamsika chotchinga china chitasiya tizidutswa ta chitsulo cha tungsten m'mawere a amayi. Chinthu chopangidwa kuti chiteteze ndicho chinabweretsa vuto, ndipo linadzaoneka pa zithunzi za mammogram (X-ray ya mawere) patapita miyezi.

Ine pamsonkhanowo ndinabweretsa nkhani imene inandisowetsa tulo. Tsiku lina dokotala anayesa kampira ka masentimita 3.5, ine n'kutchula nambalayo, katswiri wa fizikisi n'kuilowetsa mu kompyuta. Kenako dokotala anaona kuti kakukhwepa, anapempha ka masentimita 4. Ndinakapereka, koma pakamwa panga sipanatuluke mawu, maganizo ali pa zosokera. Kampira kakakulu kamafuna nthawi yotalikirapo. Tikanayatsa choncho, mayiyo akanalandira mphamvu yoperewera, akanadzuka bwinobwino, bala likanapola, ndipo palibe akanadziwa kanthu mpaka mwina khansa itabwerera. Katswiri wa fizikisi uja ndi amene anaona timapaketi tiwiri totsegula patebulo langa, nafunsa.

Pofotokoza zimenezi mawu ankanjenjemera. Palibe anandiloza chala. Dokotala wamkulu anangoti tilembe, ndipo titaika manambala, kanthu kameneka kanaposa kuzima kwa magetsi kutalitali.

Tinakambirananso za khungu, limene limafunika litalikirane ndi kampirako pafupifupi sentimita imodzi kuti lisapse, ndiye timalikoka ndi ulusi, kuika kansalu konyowa pakati, n'kuyeza ndi sikani. Za magazi odzadza pakati pa kampira ndi mnofu, za chitseko chimene wina angatsegule makina akugwira ntchito, za dokotala wogonetsa odwala amene amatsala kuseri kwa chotchinga cha mtovu akuyang'anira kupuma kwa mayi, zonsezo tinadutsamo. Sindikunena kuti manambala athu ndi angwiro. Pena tinkakangana ngati chinthu chiyenera 6 kapena 8, ndipo ndimaona kuti phindu lalikulu lili m'kukanganako, chifukwa wa fizikisi amamva zimene namwino amaona, ine n'kumva zimene iye amaopa.

Pa pepala lathu loyendera tawonjezapo mzere umodzi. Tisanayatse makina, aliyense amasiya chimene akuchita. Dokotala amawerenga mokweza nambala yolembedwa pa kampira kamene kali m'thupi, wa fizikisi amawerenga imene ili pa kompyuta, ine ndimakweza paketi yake m'mwamba kuti onse aione. Kampira kalikonse kamene kayesedwa n'kukanidwa kamachoka patebulo nthawi yomweyo. Lolemba m'mawa tili ndi mayi woyamba amene tidzamuchitire zimenezi.