Thobwa, mvuu ndi chitenje cha apongozi

Apongozi anga aakazi ndi a ku Dedza, ndipo mvuu ankangoiona pa TV. Atabwera kudzacheza ku Blantyre, mayi akunyumba anati tipite nawo ku Elephant Marsh, dambo lalikulu lija la mtsinje wa Shire pakati pa Chikwawa ndi Nsanje. Ine monga mkamwini wodziwa zinthu ndinatchena thalauza loyera ndi nsapato zopita nazo kutchalitchi.

Titatsika mapiri n'kufika pa Thabwa, tinakhotera msewu wa East Bank. Kutentha kwa ku Chigwa musachite kufunsa. Apongozi anali atanyamula chigubu cha thobwa, ndipo aliyense akudziwa kuti thobwa la apongozi sakana. Pofika pa doko la kwa James, theka la chigubucho linali m'mimba mwanga.

Bwato lake linali losema, lopapatiza. Ine kutsogolo, mayi akunyumba pakati, apongozi kumbuyo pafupi ndi wopalasa, kuti ulemu usasokonekere. Ndinayamba kuphunzitsa anthu osatembenuka: kuti David Livingstone podutsa pano mu 1859 anaona njovu pafupifupi 800, kuti lero wofuna njovu apite ku Majete, kuti mu 2017 damboli linalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, kutsatira nyanja ya Chilwa. Apongozi ankangoti, "Eya, bambo."

Kukongola kokha nkosakanika. Akakowa mbuu m'mabango, nkhwazi ikulira mutu uli chagada, asodzi akuonjola makakana ndi milamba. Patali mvuu zinatulutsa makutu ndi mphuno, imodzi n'kuyasamula. Apongozi anaomba m'manja, bwato n'kupendama.

Apa mpamene thobwa linayamba kugogoda.

Mkamwini anganene bwanji nkhani yotere apongozi ali pomwepo? Ndinapana miyendo, ndinaimba nyimbo chamumtima, thukuta kamukamu. Kenako ndinaona kachilumba kobiriwira bwino, kokhala ndi mabango obisalako munthu. Pamwamba pake kambalame kofiirira, ka zala zitalizitali, kankayenda mwachifatse ngati mkulu wa mpingo akutolera chopereka. Ndinati pamene payenda mnzangayu, inenso ndiyendapo.

"Achimwene, tayandikirani apo, ndikajambule mbalame."

Wopalasa anayandikira, poganiza kuti ndijambulira m'bwato. Mawu ake akuti "Bwana, si pansi apo!" anandipeza ndili kale m'malere. Anali namasupuni, udzu woyandama uja, pansi pake madzi ndi thope lokhalokha. Phuvu! Mpaka m'khwapa. Kambalame kaja kanangosuntha pang'ono n'kupitiriza kudya.

Zimene ndinatsikira zija zinatheka zokha pomwepo, ndipo palibe anadziwa.

Kuseri kwa mabango mvuu inadzuma, mawu ake omveka mpaka m'nthiti. Wopalasa anati ndisaphiriphithe, ng'ona zimakonda chinthu chophiriphitha. Mayi akunyumba ankangokuwa dzina langa, lonse lathunthu, la pa chiphaso. Amene anaganiza mwachangu ndi apongozi. Anadutsa mwana wawo chokwawa, nandigwira kolala ndi manja olimira mbatata aja, wopalasa atagwira m'khwapa. Anakoka. Thope linakana. Anakokanso, ndipo ine ndinatuluka, koma thalauza ndi nsapato zinasankha kutsala ku Nsanje.

M'bwato munagwa bata. Apongozi anayang'ana kumwamba, kuchita ngati aona mbalame yachilendo, uku akumasula chitenje chawo chapamwamba, cha chigwirizano cha amayi akumpingo. Anachipereka chakumbuyo, kudzera kwa mwana wawo.

Pa doko tinapeza amayi akutsuka nyika, timizu ta kakombo timene anthu a kuno amadya njala ikavuta. Onse anasiya ntchito. Ana anandiperekeza mpaka pa galimoto, wina akufunsa mnzake ngati abambo ayamba kulowa chigwirizano. Ndinayendetsa wopanda nsapato, vesi la m'Baibulo lili pambuyo.

Pa rodibuloko ya pa Thabwa wapolisi anasuzumira m'galimoto, anayang'ana chitenje, anayang'ana ine. Ndisanatsegule pakamwa apongozi anayankha ali kumbuyo:

"Asiyeni apite, mwanangu. Achokera kobatizidwa."