Maere a ku Ndirande

Tulo takana, ndiye bola ndilembe. Mnzanga wa m'chipinda muno akuliza mkonono, ine m'mutu mukungozungulira mawu a azakhali anga aja: "Aa, ndiye anachita maere?"

Ndinapita ku Ndirande madzulo ano kukatenga ufa umene amayi anatumiza kuchokera kumudzi. Ndinkati ndingopereka moni, ndinyamule thumba, ndibwerere kusukulu, chifukwa mawa m'mawa ndine ndikufotokoza pepala la kafukufuku pamaso pa anzanga ndi aphunzitsi. Ndi pepala la katemera wa tayifodi, lija linatuluka mu magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mu 2021. Ndalibwereza sabata yonse mpaka manambala ake ndikumawalota. Ana opitirira 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12, anabayidwa mu 2018. Theka analandira katemera wa tayifodi wopangidwa ku India, theka linalo katemera wa matenda oumitsa khosi. Kenako anawatsatira kuti aone amene adzadwale.

Ndinawapeza azakhali ali pamphasa pakhonde, akusankha mtedza wokazinga mawa. "Adokotala afika," anatero, monga amachitira nthawi zonse kuyambira tsiku limene dzina langa linatuluka kuti ndasankhidwa ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo. Ndawauza kangapo kuti zaka zikadalipo, samva. Atafunsa chimene ndikuthamangira, ndinawauza za pepalalo, modzitama pang'ono, ndivomere. Anasiya kusankha.

"Si uja ndinakabayitsa msuweni wakoyu pasukulu apa?"

Msuweni wangayo anali pomwepo, akutsuka nsapato za kusukulu. Nthawi imeneyo anali ndi zaka 6. Sabata yonse ndakhala ndikuwerenga za ana 28,000 ngati matumba a chimanga mosungira, osadziwa kuti mmodzi wa iwo ndi amene amandibera chaja ndikapita kumeneko. Ndinachita manyazi, koma a manyazi enieni anali kutsogolo.

Anandifotokozera mmene zinalili. Miyezi yochepa izi zisanachitike, mu 2017, kunali mphekesera za anamapopa zija, zinayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe mpaka kufika mu Blantyre muno, anthu n'kuphedwa. Ndiye kutamveka kuti kwabwera anthu obaya ana, ndiponso kuti mwana akatentha thupi masiku atatu azikamutenga magazi kuchipatala, mayi wina woyandikana nawo nyumba anawauza kuti mwagulitsa mwana. Iwo anasainabe pepala lovomera. Chifukwa chake akuti chinali chimodzi: anaonapo mwana wa m'dera momwemo atatumbulidwa pamimba chifukwa tayifodi inamuboola matumbo. Zimenezo ine ndinaziwerenga ndipo ndinazionapo ku wadi, ndimadziwanso kuti kuyambira cha mu 2011 tayifodi inachuluka mu Blantyre, ya mtundu wosamva mankhwala akale monga Bactrim ndi chloramphenicol. Koma iwo ankamudziwa mwanayo ndi amayi ake omwe.

Kenako anafunsa chimene akuti chakhala chikuwavuta zaka zonsezi. "Anatiuza bwinobwino kuti akatemera alipo awiri, ndipo iwonso ofufuzawo sakudziwa kuti mwana walandira uti. Ine ndinati awa akutinamiza. Munthu angabayitse ana jakisoni osadziwa chimene chili m'kati? Tandiuza iwe wophunzira."

Ndinatsegula pakamwa, n'kutuluka Chingerezi chokhachokha. Ndinayesa kachiwiri, ndinangosintha mawu amodzi, ena onse anatsala momwemo. Zaka zonsezi ndakhoza mayeso pa nkhani imeneyi, koma pakhonde paja ndinali ngati mwana wa Sitandade 2 amene wauzidwa kuti ayimbe nyimbo ya fuko yekha. Msuweni wanga anayamba kuseka. Pamapeto pake ndinatapa mtedza m'lichero, n'kuika milu iwiri pamphasa. Ndinati ngati munthu atamasankha yekha, mwina ana onenepa, a m'nyumba za mpopi, awaika mulu uwu, ofooka mulu uwo, ndiye katemera aoneka ngati wagwira ntchito pamene ayi. N'chifukwa chake amasiyira kompyuta kuti igawe mwachisawawa, ndipo kholo, wotsatira anawo, ngakhale woyeza magazi asadziwe mpaka kumapeto, kuti mtima usakondere.

"Aa, ndiye anachita maere?"

Basi. Mawu amodzi. Ine ndazungulira mphindi khumi, iwo angoti maere, ngati mmene amachitira ku banki m'khonde akafuna kudziwa woyamba kutenga. Sindikudziwa chifukwa chake zimenezi zandipweteka chonchi. Mwina n'chifukwa mawuwo ndimawadziwa kuyambira ndili mwana, ali m'Baibulo momwe, koma sanandifikire ngakhale kamodzi m'kalasi. M'mutu mwanga muli ngati zipinda ziwiri zopanda khomo pakati. Tsiku lililonse ku chipatala cha Queens ndimafunsa odwala za chimbudzi ndi mkodzo m'Chichewa popanda vuto. Koma zikangofika pa chifukwa chimene timakhulupirira kuti mankhwala amagwira ntchito, lilime limathawira kwa azungu.

Pa 80 peresenti ndinapunthwanso. Nditati katemerayu anapezeka kuti amateteza pafupifupi 80 pa 100, nkhope yawo inagwa. Anamva ngati pa ana 100 obayidwa, 20 adwala ndithu. Ndinabwereranso ku mtedza. Ndinatola khumi pa mulu wa osabayidwa wa tayifodi, n'kuti awa ndi amene adwala. Pa mulu winawo ndinatola uwiri wokha. Enawo asanu ndi atatu ndi ana amene akanagona m'chipatala koma ali kusukulu, ndipo palibe amene angawaloze kuti ndi awa. Anayang'ana mtedzawo nthawi yaitali. Kenako anatenga umodzi n'kuutafuna, n'kunena kuti wofukwa.

Ndinawauzanso kuti ofufuza atawatsatira anawo zaka zoposa zinayi anapeza kuti chitetezocho chikadali pafupifupi pomwepo, ndiponso kuti kampeni ija ya mu May 2023, imene ana osakwana zaka 15 dziko lonse anabayidwa wa tayifodi, inatsamira kwambiri pa zimene zinapezeka kwa ana a kuno. Ndinkayembekeza kuti anyada. Anangoti, "Oho. Ameneyonso anabayitsa." Kenako analoza zigubu zisanu zimene zinali pamzere pakhomo, zopanda kanthu. "Nanga madzi adzawachitira liti maere? Mpopi ukauma anthu amatsikira ku mtsinje wa Nasolo, iwe ukudziwa."

Ndikudziwa. Tayifodi imayenda ndi madzi ndi chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu, ndi funso loyamba pa mayeso. Sindinayankhe. Ndinayamba kunena kuti katemera ndi madzi abwino zimafunika zonse, koma ndinadzimva ndekha kuti ndikulankhula ngati pa wailesi, ndiye ndinasiya.

Mu minibasi pobwerera ndinakhala ndi thumba la ufa pamiyendo, kondakitala akufuna ndilipirenso malo ake, ine osalimbana naye n'komwe. Ndinkaganiza za siginecha ya azakhali. Amalemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chilichonse pachokha, lilime lili panja. Penapake mu kabati muli pepala lokhala ndi dzina limenelo. Pa masilaidi anga a mawa palibe paliponse pamene akuoneka, angokhala m'kati mwa nambala ya pamwamba ija.

Ndatsegulanso laputopu kawiri. Ndinalemba mawu akuti maere pa silaidi yachitatu, ndinafufuta, ndalembanso. Mwina anzanga aseka. Mwina aphunzitsi afunsa ngati maere a ku banki m'khonde amabisadi zotsatira kwa ogawa, ndipo pamenepo adzakhala akunena zoona, safanana kwenikweni.

Potsanzikana, nditasenza kale thumba, anandiitana. "Ndiye wangayu analandira uti, woyamba uja?" Ndinati sindingadziwe, pepala silitchula ana mayina. Anati chabwino, ukafunse aphunzitsi ako. Ndinavomera kuti ndikafunsa. Nthawi ili cha m'ma 2 koloko tsopano, ndipo ufa uja ukadali pakhomo pomwe ndinautula.