Njanji ya ku Marka isathere pa Bangula

Kukonza makilomita 72 a njanji kuchokera ku Marka, kumalire ndi Mozambique, kufika ku Bangula n'kwabwino ndithu, koma sitima yochokera ku Beira singafike ku Limbe ngati sakonza pa Chiromo, pomwe madzi anadula njanji mu 1997. Katundu azitsitsidwabe pa Bangula n'kupakiridwanso m'mathiraki, mtengo n'kukwerera pomwepo.

M'chigwa cha Shire chimene chimapha njanji ndi madzi. Makalavati, njira zodutsamo madzi pansi pa njanji, akachepa kapena akatsekeka ndi mchenga, madzi amaunjikana mbali imodzi, kenako amakokolola dothi ndi miyala ya pansi, zitsulo n'kutsala lendelende m'malere. Pamafunika kukweza pamene njanji ikudutsa, kumanga milatho yotakata, komanso kulemba anthu ofukula ngalande chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanagwe.