Ulendo wa ku Zomba ndi mlandu wa a Mfumu

Popeza nkhani ya ulendo wa gulu lathu la zisudzo wokaphunzira ku Zomba yayamba kumera nthambi, komiti yati ndilembe mmene zinakhalira, kuti amene munatsala musamangomva za m'maluwa.

Tinanyamuka pa Ntcheu kusanache, titapanikizana ndi thumba la zovala, ng'oma, ndi mpando wa a Mfumu (timaitanana ndi maina a m'sewero) umene eni ake anakanitsitsa kuusiya. Titangopitirira Balaka, tayala linaphulika. La sipeya nalo linali lopanda mpweya. Kondakitala analikweza pa kabaza n'kubwerera nalo, ife n'kutsala m'mbali mwa msewu, dzuwa likuswa mtengo.

Anayambitsa ndi a Sing'anga. "Chilape!" Ife tonse, "Nachize!" "Ndinafa Loweruka madzulo, Lamulungu ndinaimba kwaya." Wina anati mzukwa, wina Lazaro, wina chidakwa. Yankho linali litakhala pakati pathu likukukuta chinangwa: a Malemu, amene chilowereni m'gulu lino sanafikepo kumapeto a sewero ali moyo. Pomwepo tinapangana kuti chilape chilichonse chikhale cha zisudzo, ndipo olephera abaye ng'ombe, ng'ombe yake mandasi.

Zinagwa ngati mvula. "Pa siteji ndi mkazi wanga, kunyumba ndimati alamu." "Ndevu zamera masana, zametedwa popanda lumo." "Nyumba yanga makoma atatu, alendo amadzaza kopanda khomako." Chimene chinatigwetsa tonse ndi cha msungichuma: "Wathawa mtengo, wakwera mtengo." Palibe anachimasula. Ankanena anyamata aja amene amakana kulipira pakhomo n'kukaonera sewero ali pa nthambi kuseri kwa mpanda. Mandasi onse anapita kwa mayiwa.

Kenaka mtsikana wathu wamng'ono uja, amene nthawi zonse amasewera mwana wamasiye, anakweza kadzanja. "Mfumu ya ndodo ndi chisoti, koma ya minibasi amailipirira ana."

Kunali zii. A Mfumu anadzuka pa mpando wawo uja, anali atautsitsa kale, n'kunena kuti chilape chenicheni chimanena chinthu, osati munthu, ndipo ichi ndi chipongwe. A Sing'anga anawakumbutsa kuti poseka a Malemu iwo ndiwo anaseka mpaka misozi. Apo mkangano unakula. Msungichuma anatulutsa kope la zopereka, wapampando akuti "mayi, bwezani bukulo," mwanayo akupepesa atagwada pafumbi: "Pepani bambo, ndimangosewera." A Mfumu: "Nanga tonsefe si osewera?" Anaseka okha asanamalize, mlandu n'kuthera pomwepo. Kuona kwanga, chilapecho chinali chokoma kuposa zonse, ndipo amene mukufalitsa kuti a Mfumu anafuna kubwerera kwawo wapansi mukunama. Anangofunsa mtunda wake.

Tinawoloka Shire pa Liwonde dzuwa litapendeka, n'kufika ku Zomba anzathu atatopa ndi kudikira.

Za maphunziro: anatiphunzitsa kutulutsa mawu kuchokera m'mimba, kusafulatira oonera, ndi kuimitsa sewero pakati kuti anthu anene okha chimene akanachita. Anatikumbutsa kuti Travelling Theatre ya ku Chancellor College inayamba kuyendayenda ndi zisudzo m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'ma 1980 inkachita masewero a zaumoyo m'midzi ya ku Liwonde komwe tinadutsako. Anationetsanso Great Hall, holo yaikulu ya pa kolejipo. Zonse zili m'kope la mlembi, ofuna akabwereke.

Koma nsima! Amayi a kumeneko anatiphikira matemba a ku Chilwa otendera, nyemba ndi mpiru. A Wapolisi anadya mitanda imene sinditchula, kenaka n'kumadandaula kuti lamba wa yunifolomu wafupika. Sewero lathu linayenda bwino ndithu, ndipo a Malemu atagwa, gogo wina anafuula kuti "mwana wa eni ake!" Maliro otero sanawaonepo.

Tikuthokoza anzathu a ku Zomba potigoneka ndi kutidyetsa, abusa potibwereka ng'oma, adalaivala popirira phokoso, ndi amayi amene anasoka chisoti usiku. Kondakitala nayenso, ngakhale anabwera akununkha chipisi. Anzathuwo abwera kuno kukolola kukatha, ndipo ati tiwasungire mbatatesi.

Pokonzekera sewero ndi Lachitatu monga mwa nthawi zonse. Msungichuma akuti kope lija abwera nalo, a Mfumu amve.