Ulendo wa ku Ntcheu pa galimoto yopanda hita

Tinanyamuka mu Lilongwe mbandakucha wa Loweruka lina m'mwezi wa Julaye, ine, amalume ndi azakhali awiri, kupita ku chinkhoswe kwathu ku Ntcheu pa Toyota Corolla yakale imene ndinagula kwa munthu wina wa ku Salima. Titadutsa Linthipe n'kuyamba kukwera zitunda zolowera ku Dedza, boma limene lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, tinalowa m'chifunga, ndipo galasi lakutsogolo linayera ngati lawazidwa ufa. Ndinayatsa mawaipa koma sanathandize, popeza chimene chinkanditchinga chinali mkati mwa galimoto.

Nthunzi imeneyo tinkaipanga tokha. Mpweya umene anthu anayi tinkapuma unali wofunda ndi wachinyezi, ndipo ukagunda galasi lozizira unkasanduka timadontho, monga zimachitikira pa botolo la chakumwa lochokera m'firiji. Azakhali anali atatseka mawindo onse chifukwa cha chisanu, nanenso ndinali nditasiya kabatani ka mpweya pozunguliza wa mkati womwewo, chizolowezi chimene ndinachitengera pothawa fumbi la m'tauni. Amalume anayesa kupukuta ndi chipewa chawo, koma anangopaka mafuta a m'tsitsi pagalasi, moti nyali za mathiraki obwera kutsogolo zinkamwazika n'kundithobwa m'maso.

"Mphwanga, yatsa moto wa m'galimotomu," anatero amalume. Ndinapotoza hita mpaka kumapeto n'kulozetsa fani kugalasi, koma munkangotuluka mphepo yozizira. Apo m'pamene ndinazindikira kuti chigulire galimotoyo ndinali ndisanayatsepo hita, ndiponso kuti muvi wosonyeza kutentha kwa injini unali pansi ngakhale tinali titayenda makilomita oposa 70.

Tinaima pa boma la Dedza n'kudikira kuti kuyere. Makaniko amene tinamupeza atatsegula boneti sanachedwe kuloza mapaipi awiri a rabara kumbuyo kwa injini, amene amayenera kulowa kuseri kwa dashibodi, koma anali atalumikizidwa okhaokha ndi kachidutswa ka chitsulo. "Abwana, hita yanu anaidula kalekale," iye anatero. Anafotokoza kuti kuseri kwa dashibodi kuli karedieta kakang'ono kamene madzi otentha ochokera ku injini amadutsamo, ndipo fani ikauzira pa iko m'pamene m'galimoto mumafunda. Kakabooka, kapeti wakutsogolo amanyowa, mumamveka fungo lotsekemera la kulanti, madzi amankhwala oziziritsa injini, ndipo pagalasi pamatsalira nthunzi yonona yosachoka msanga. Popeza kukafika pamene pali kachipangizoka kumafuna kumasula dashibodi yonse, ambiri amangodula njira ya madziyo n'kunena kuti ku Malawi kuno n'kotentha kale.

Chachiwiri chinali thermostat, kavalavu kamene kamatsekereza madzi kuti asapite ku redieta yaikulu mpaka injini itafunda, ndipo pa ma Toyota ambiri kamayamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 82. Makanikoyo anakayikira kuti nakonso kanachotsedwa, ndipo titamasula pambuyo pake tinapezadi malo ake ali pululu. Ndikumvetsa maganizo a amene anachita zimenezi kunyanja, kumene dalaivala amaopa kuwira kwa injini kuposa china chilichonse, koma sindigwirizana nawo, chifukwa injini yoyenda yozizira imamwa mafuta ambiri ndiponso imatha msanga, ndipo galimoto sikhala m'boma limodzi moyo wake wonse.

Ndinamuthokoza makanikoyo chifukwa anakana kubwezeretsa mapaipiwo pomwepo, ponena kuti amene anadula anali ndi chifukwa, ndipo tikanafika ku Ntcheu madzi atathera kumapazi a amalume. Anadikira kuti injini izizire asanatsegule chivundikiro cha redieta, anaona kuti madzi ndi okwanira, kenako anatsuka mkati mwa galasi ndi sopo pang'ono n'kuumitsa ndi nyuzipepala, popeza nthunzi imakakamira kwambiri pa galasi lakuda. Anandiuza kuti ndilowetse mpweya wa kunja, nditsitse mawindo akumbuyo pang'ono, ndiyatsenso AC ngakhale kuzizire, chifukwa imachotsa chinyezi mumpweya. Mwamwayi inali idakali ndi gasi.

Kuyambira pamphambano ya ku Bembeke galasi linakhala loyera, ngakhale azakhali anafunda zitenje mpaka kumutu n'kumandinena njira yonse. Pa Lizulu anagula kachewere ndi kabichi wonyowa ndi mame, ndipo ndinaumirira kuti zonse zilowe ku buti, osati pamiyendo pawo, kuopa kuwonjezera chinyezi. Tinafika mwambo utangoyamba. Nditabwerera ku Lilongwe, thermostat inalowa m'malo mwake pasanathe ola limodzi, koma karedieta ka hita kanadya tsiku lathunthu, dashibodi ili pansi pa mtengo wa mango.